Pakamwa panga panatsegukira pansi pa nimu

Lachiwiri lapitali ndinakhala mbali ina ya tebulo. Ine amene! Cholembera m'manja, pepala lolembapo malikisi patsogolo, ndikudikira kuti alowe anyamata ndi atsikana ofuna ntchito yothandiza kuwerenga matumba m'nkhokwe yathu. Abwana atandicheukira n'kunena kuti, "Mayi, funso loyamba mufunse ndinu," chimwemwe chinandiyenda thupi lonse, kuyambira kuphazi mpaka paliwombo. Ndikanakhala kwathu ndikanaimba nthungululu. Amene anandidziwa zaka zisanu zapitazo akamva zimenezi agwira pakamwa, pakuti ine ndi uja ankati akangolowa m'chipinda cha intaviyu mawu onse ankamuthawa ngati mbuzi yodula chingwe.

Kwathu ndi ku Makhanga, kwa Mlolo m'boma la Nsanje, kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Kusukulu sindinali wotsalira. MSCE ndinakhoza bwino, masamu ndiye ndinkawamwa ngati madzi. Bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndikaphunzire za kasungidwe ka katundu ku Blantyre, ndipo satifiketi ndinabwera nayo. Makalata ofunsira ntchito ndinkalemba okoma, moti anzanga ankabwera kudzakopera. Kuitanidwa ndinkaitanidwa ndithu. Mavuto ankayambira pachitseko.

Intaviyu yanga yoyamba inali mu Juni 2019, patangopita miyezi itatu madzi a namondwe wa Idai atatikokolera chimanga ndi mapira m'dimba. Mayi anagulitsa mbuzi imodzi mwa zitatu zomwe zinapulumuka kuti ndipeze thiransipoti. Ndinawoloka pa Mtayamoyo pa bwato, monga timachitira chidukireni njanji mu 1997, n'kukwera minibasi pa Bangula. Ngabu, Nchalo, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu, Thabwa, kenaka kukwera mapiri aja minibasi ikubuula. Njira yonse ndinkabwereza chamumtima mayankho omwe ndinaloweza, mzere ndi mzere, ngati ndime ya pa Sande sukulu.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya kampani ina. Kunja kunali chiperoni, m'katimo makina oziziritsa akuwomba, mwana wa kuchigwa ndili njenjenje. Anthu atatu anakhala kuseri kwa tebulo lonyezimira. Mayi wa pakati anamwetulira n'kundipempha m'Chingerezi kuti ndiwauze za ine mwini. Funso lomwe ndinalikonzekera kuposa onse. Ndinatsegula pakamwa, zii. Lilime linamatirira kumwamba, malovu anauma, m'makutu munkangomveka mtima gugugu. Ndikukumbukira bwino nsapato ya bambo wa kumanja, yofiirira, chingwe chimodzi chitamasuka, chifukwa maso anga anakakamira pamenepo. Wotchi ya pakhoma ndinkaimva ikuyenda. "Mayi, tikudikira," anatero mwaulemu. Ndinatchula dzina langa. Ndinalitchulanso kachiwiri. Zotsatira zake sindikuzikumbuka, ndinangozindikira ndili panja envulopu itanyowa ndi thukuta la m'manja.

Pobwerera, pamene msewu umayamba kutsetsereka chigwa chonse n'kuonekera pansi, Shire akung'anima ndi minda ya nzimbe ili biriwiri, ndinadzifunda chitenje kumutu n'kulira mwakachetechete. Ndinkalirira mbuzi ya mayi.

Kuchoka apo mpaka 2022 ndinalowa maintaviyu ena anayi, ku Blantyre, ku Chikwawa boma ndi ku Nsanje, ndipo onse anatha chimodzimodzi. Ina ndinayamba bwino, koma atangondidula ndi funso lomwe silinali pa zoloweza zanga mutu unaima. Kumudzi anthu anayamba zonena. Ena amati anandilodza, ena amandilozera kwa asing'anga, ena amati ndisadzivute chifukwa ntchito masiku ano n'za achibale. Kukondera kulipo, sindikana, ndipo ntchito n'zochepadi. Amene akukumbukira Juni 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu ku maintaviyu ongofikira, achinyamata zikwizikwi nakhamukirako mpaka ku Mzuzu kupondana ena kuvulala, akudziwa kukula kwa njala ya ntchito m'dziko muno. Koma ine mtima wanga unkadziwa zoona. Mpata ankandipatsa, mpando ankandikokera, ine n'kuuma.

Ndakhala ndikuganiza kuti zinkachokera kuti. Ife ana a m'midzi, makamaka atsikana, timakula ndi mwambo wokoma. Wamkulu akamalankhula umagwada, maso pansi. Sumuyankha mothamanga, ndipo kudzitchula ubwino wekha n'chamanyazi, paja amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mwambo umenewu ndimaukonda ndipo ana anga ndidzawaphunzitsa. Koma taonani zomwe intaviyu imafuna: ukhale pampando wofanana ndi wa akuluakulu, uwayang'ane m'maso, udzichemerere wekha, ndipo zonsezi uchite m'chiyankhulo chachitatu. Pakhomo tinkalankhula Chisena, kumsika ndi kutchalitchi Chichewa, Chingerezi chinali cha m'kope. Onjezanipo zoseka za m'tauni. Ndili pasukulu ku Blantyre anzanga ankanditsanzira kalankhulidwe, akangomva kuti ndine wa ku Nsanje nkhani inali ya madzi osefukira ndi nyika. Ndinazolowera kulonda lilime langa ngati wakuba. Munthu amene akulonda lilime lake sangaganizenso za funso lomwe wafunsidwa.

Chinandimasula ndi chinthu chomwe sindingafunire munthu aliyense. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo anthu oposa 500,000 m'chigawo chakumwera anasowa pokhala. Kwathu madzi analowa usiku. Tinathawa pa bwato ndi zovala za m'thupi, mapepala anga ndinawakulunga m'jumbo n'kuwamanga pamimba. Tinakafikira pa sukulu ina ya pulayimale kumtunda, mabanja 420 m'makalasi ndi m'matenti. A komiti anafuna munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengera, azakhali anga n'kundikankha kumsana. Anandipatsa kope lachikuto cholimba, ndinayamba kaundula: dzina, mudzi, ana angati, oyembekezera, okalamba, olumala, amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina lole inabwera ndi matumba a ufa 140 okha. Anthu anali atagona ndi njala masiku awiri. Mphekesera inayenda yoti matumba ena abisidwa, abambo anayamba kukuwa, achinyamata akukankha chitseko cha kalasi yomwe tinasungamo ufawo. Amfumu anayesa kulankhula koma mawu awo anamira. Sindikudziwa chinandinyamula. Ndinangozindikira ndili pamwamba pa desiki, chimkuzamawu m'manja, kope kukhwapa. Ndinayamba m'Chisena, n'kubwereza m'Chichewa. Ndinawaonetsa pepala lomwe dalaivala anasainira, ndinaitana amayi awiri ndi abambo awiri kuti akawerenge okha matumbawo, kenaka tinachita masamu tonse pamodzi mokweza: thumba limodzi, mabanja atatu, muyeso wake chidebe chimodzi chomwechi kwa aliyense, oyembekezera ndi agogo ayambe. Phokoso linatsika pang'onopang'ono ngati madzi akuphwera. Dzuwa lisanalowe banja lililonse linali litatereka mphika. Mlendo wina wa bungwe lomwe linabweretsa ufawo anandifunsa mafunso angapo m'Chingerezi, ndinamuyankha ndikumanga thumba, osazindikira n'komwe kuti ndasintha chiyankhulo.

Usiku umenewo azakhali, amene moyo wawo wonse agulitsa mlamba ndi mphende zowamba pamsika wa Bangula, anandiyang'ana nthawi yayitali pa kuwala kwa moto. "Mwana wa achimwene," anatero, "iwe si uja amati sulankhula? Lero waima pamaso pa khamu la anthu anjala, wawakhazika pansi. Ndiye ukaope anthu atatu okhuta?" Ndinaseka mpaka misozi, koyamba chithawireni madzi.

Pamsasapo pankabwera dokotala wina wachitsikana, chifukwa nthawi imeneyo kolera anali atavuta dziko lonse. Nditamuuza za vuto langa sanadabwe. Anandifotokozera kuti pamwamba pa impso pali tiziwalo tomwe timatulutsa adrenaline ubongo ukangoganiza kuti pali choopsa. Mtima umathamanga, magazi amakhamukira ku miyendo ndi manja, malovu amauma, m'mimba mumabwadamuka, chifukwa thupi likukonzekera kumenya, kuthawa, kapena kungouma gwa monga amachitira gwape akawalitsidwa tochi usiku. Thupi silisiyanitsa ng'ona ndi bwana wovala tayi. Pa nthawi yotere mbali ya ubongo yomwe imasanja mawu ndi kukumbutsa zoloweza imapanikizika, n'chifukwa chake yankho lomwe umalidziwa limabwera uli kale pa depoti. "Pa desiki paja mantha munali nawo," anatero, "koma maganizo anu anali pa ufa ndi anthu. M'chipinda cha intaviyu maganizo anu onse amakhala pa inu nokha." Anandiphunzitsanso kapumidwe: kukoka mpweya ndi mphuno ukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8, popeza kutulutsa mpweya motalikitsa ndiko kumatsitsa liwiro la mtima. Mawu oti sindinalodzedwe, komanso kuti si uchitsiru, anandichotsa mwala pachifuwa.

Msasa utatsekedwa tinakakhala kwa azakhali ku Bangula, ndipo iwo sanaiwale. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mtengo wa nimu wamthunzi wabwino. Anabwereka tebulo kutchalitchi, anaika mipando itatu mbali imodzi, umodzi mbali inayo. Anakaitana ahedi ena opuma ntchito, odziwika ndi Chingerezi chothyakuka ndi nkhope yosasekerera, komanso mkulu wa mpingo amene anagwirapo ukapitawo m'minda ya nzimbe. Iwo eni anakhala pakati. Chingerezi sadziwa, koma anati ntchito yawo ndi kundiyang'anitsitsa. Lachitatu ndi Loweruka lililonse ndinkavala siketi ndi bulauzi ya ku intaviyu, nsapato kuphazi, envulopu m'manja, n'kuchokera kumsewu, kugogoda pa thunthu la nimu ngati chitseko. Ana a m'mudzi ankadzadza pampanda kudzaonerera.

Tsiku loyamba ndinauma pomwepo, pamaso pa anthu oti ndimadya nawo nsima. Ndinafuna kudzuka koma ahedi anakweza dzanja. "Khala pomwepo, mwanawe. Uma ndithu, ife tidikira." Anavula wotchi n'kuiika patebulo. Tinakhala duu. Nkhuku inadutsa pansi pa tebulo. Ndinakumbukira za mpweya zija, ndinakoka, ndinatulutsa, ndinakokanso, kenaka liwu limodzi linatuluka, linzake n'kutsatira. Nditamaliza anandifunsa kuti ndikuganiza kuti ndinakhala chete nthawi yayitali bwanji. Ndinati mwina mphindi zisanu. Anandionetsa wotchi: masekondi 12. Abale inu, masekondi 12! Zaka zinayi ndinkathawa chilombo chomwe kutalika kwake sikukwana nthawi yothira madzi m'kapu. Ahedi anati iwo akhalapo pa matebulo ofunsa anthu kambirimbiri, ndipo munthu akakhala chete kamphindi ofunsa amangoti akuganiza. Chimene chimagwetsa munthu ndi mantha achiwiri aja, oopa kuti aona kuti ukuopa.

Zoloweza zanga zonse anandiletsa. Anati yankho loloweza lili ngati mkanda, ulusi ukaduka pamodzi mikanda yonse imamwazika. M'malo mwake anandiuza kuti ndisunge nkhani zitatu zenizeni za zomwe ndinachitapo ndi manja anga, ndizizifotokoza tsiku lililonse ndi mawu ena, lero m'Chichewa, mawa m'Chingerezi. Ine ndinkafuna kusankha za kusukulu ya ku Blantyre zokhazokha, za kumsasa ndinkachita nazo manyazi, ndimvekere adzandiona ngati wopemphetsa. Azakhali anamenya tebulo. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna! Ufa uja anagawa ndani?" Mkulu wa mpingo naye anandikumbutsa kuti ngakhale Mose anadandaula kwa Mulungu kuti satha kulankhula, komabe anakaima pamaso pa Farao.

Tizinthu tina tinali tating'ono koma tinandinyamula. Ngati funso silinamveke, upemphe alibwereze, safunsa anadya phula. Ngati maso a munthu akukulemera, uyang'ane pakati pa nsidze zake, iye sadziwa kusiyana kwake. Madzi akakupatsa ulandire, kumwa kumanyowetsa lilime komanso kumakugulira nthawi. Mapazi onse awiri agunde pansi. Mng'ono wanga ankandijambula pa foni, ndipo nditadzionera ndinadabwa kuti kunjenjemera komwe ndinkakumva ngati chivomezi sikunkaoneka n'komwe.

Pa foni yomweyo ndinawerenga za mayi wina wa pa yunivesite ya Harvard ku America, Alison Wood Brooks, amene mu 2014 anasindikiza kafukufuku wake pa anthu omwe ankayembekezera kuimba, kulankhula pagulu kapena kulemba masamu. Anapeza kuti amene ankadziuza kuti asangalala ankachita bwino kuposa amene ankalimbana n'kudzikhazika mtima pansi, chifukwa mantha ndi chisangalalo zimagunditsa mtima mofanana. Nditawamasulira azakhali anangoti, "Nanga zimenezo mpaka ku America? Ulimba ukayamba kulira, wovina utse mtima sumugunda? Ukamva gugugu uziti ng'oma yayamba, bwalo ndi langa."

Mu Novembala chaka chomwecho anandiitana ku bungwe lina la alimi kufupi ndi Nchalo, ankafuna kalaliki wa nkhokwe. Amene amadziwa chigwa chathu mwezi umenewo akudziwa kuti kutentha kumapyola madigiri 40, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuwomba ngati yochokera mu uvuni. Ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane, ndinasamba kumaso pa mjigo, ndinakhala pamthunzi ndikupuma monga anandiphunzitsira. Atanditchula dzina ng'oma inayamba pachifuwa. Ndinati bwalo ndi langa, n'kugogoda.

Anali anayi. Funso loyamba ndinaliyankha, lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linali lakuti ndingatani ngati matumba a feteleza a m'buku sakugwirizana ndi omwe ali m'nkhokwe, alimi ali pakhomo akudikira. Pomwepo mlendo wanga wakale anafika. Mutu unayera, lilime gwa. Koma ulendo uno ndinamuzindikira. Ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri, ndinatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndinamwa madzi, n'kunena kuti, "Pepani bwana, mungabwerezeko funsolo?" Anabwereza mosavuta. Ndipo ndinaona desiki ija, kope lija, matumba 140 aja. Ndinawauza kuti zoterezi zinandichitikirapo, ndinafotokoza za pepala la dalaivala, za mboni zinayi zowerenga, za chidebe chimodzi. Ndinawauza kuti m'nkhokwe yawo ndingayambe n'kuwerenganso pamaso pa mboni, kufananiza ndi mapepala olandirira ndi otulutsira katundu, kuwadziwitsa abwana tsiku lomwelo, ndi kuwauza alimi zoona m'malo mowatsekera chitseko. Wapampando anaika cholembera pansi n'kumangomvetsera. Bambo wina wachikulire, woimira alimi, amene anali chete nthawi yonseyi, anandiponyera funso m'Chisena. Ndinamuyankha m'Chisena chomwecho cha ku Makhanga, chija ndinkachibisa ku Blantyre, chipinda chonse chinaseka mokondwa. Potuluka ndinathokoza m'Chisena kuti takhuta, miyendo ili yopepuka ngati ndiuluke.

Foni inalira patatha masiku 9, ndikuthandiza azakhali kutembenuza mlamba pa waya. Nditangoti, "Zikomo bwana, ndifika Lolemba," iwo anali atayamba kale nthungululu. Anavina utse pabwalo nsomba ili m'manja, amayi oyandikana nawo anathamanga akumanga zitenje m'njira, ahedi anafika ndi ndodo yawo akumwetulira, mano onse panja, koyamba chiwadziwireni. Malipiro oyamba ndinagulira mayi mbuzi yaikazi. Pano yaswa kawiri.

Lero ndimaima pa msonkhano wa alimi mazanamazana n'kuwerenga lipoti la nkhokwe. Alendo akabwera amaitana ine kuti ndiwayendetse. Mtima umagundabe, ndipo ndimaukonda ukamatero. Lachiwiri lija, wachitatu kulowa anali mnyamata wa ku Ngabu, malaya ositidwa bwino, kolala itanyowa. Nditamufunsa funso loyamba maso ake anagwa pansi, pa nsapato yanga. Ndinamukankhira kapu ya madzi. "Achimwene, pumani kaye, sitikuthamangira kulikonse. Mukafuna yankhani m'Chichewa." Anamwa, anapuma, ndipo zomwe anatiuza za momwe ankasungira mabuku a gulu la banki mkhonde la amayi ake zinaposa onse a tsikulo.

N'chifukwa chake ndikupempha inu amene mumakhala kuseri kwa matebulo amenewa: mulonjereni munthu asanakhale, muikireni madzi, ndipo ngati ntchitoyo ndi yolankhula ndi alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje, mumveni m'chiyankhulo chomwe akagwiritse ntchito kumundako. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yomwe ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000, idzafuna makalaliki, alangizi ndi osunga chuma. Kuminda ya nzimbe ku Nchalo, ku fakitale ya ethanol pa Dyeratu, ku Majete ndi ku Lengwe, konseko amalemba anthu. Ana a m'chigwa muno asamangothera pa fosholo chifukwa choti lilime linawamatirira masekondi 12.

Tebulo lija silinabwererenso kutchalitchi, abusa anatisiyira. Loweruka lililonse ndikaweruka ndimakwera minibasi ya ku Bangula, ndipo 3 koloko masana timakhala pansi pa nimu, ahedi ndi wotchi yawo, azakhali ndi maso awo, ine pampando wa mkulu wa mpingo amene miyendo yayamba kumuvuta. Sabata yatha anabwera achinyamata 7. Ngati nanunso mawu amakuthawani pachitseko, valani zomwe mudzavale tsikulo, tengani envulopu yanu, mudzagogode pa thunthu.